Munthu akalowa pa webusaiti yanu, azifikira pati?

Munthu walemba dzina lake lolowera ndi mawu achinsinsi, wadina batani, seva yavomereza kuti ndi iyeyo. Tsopano seva iyenera kusankha tsamba loti imuonetse, ndipo eni mawebusaiti ambiri chisankho chimenechi amangochisiya mmene pulogalamu inabwerera. Pa WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, membala wamba amene alibe chilolezo cholemba nkhani amagwera pa tsamba la mbiri yake mkati mwa wp-admin, gawo loyendetsera webusaiti, malo amene sanawafune ndipo sakuwadziwa. Pa Django, pulogalamu ina yomangira mawebusaiti, mukapanda kusintha kanthu, munthu amatumizidwa ku /accounts/profile/, tsamba limene Django payokha sipanga, ndiye woyamba kulowa amalandiridwa ndi 404, uthenga wakuti tsambalo kulibe.

Mwini webusaiti akaona zimenezi amafulumira kukonza: aliyense akalowa azipita ku tsamba limodzi, kaya loyamba, kaya la akaunti yake. Kukonza kotereku kumachotsa vuto laling'ono n'kubweretsa lalikulu. Nthawi zambiri munthu amene wafika pa fomu yolowera anali paulendo wopita kwina. Wadina linki ya mu imelo yomuuza kuti ali ndi uthenga watsopano, kapena watsegula tsamba limene anasunga dzulo, ndiye fomu yamutchinga panjira. Zili ngati mlendo amene wauza mlonda wa pageti ofesi imene akupita, mlondayo n'kulemba dzina lake bwinobwino kenako n'kukamusiya pa chitseko china. Munthuyo ayenera kubwerera ku imelo, kusaka linki ija, kudinanso. Pa foni imeneyi ndi ntchito, ndipo ena amangogwa ulesi n'kusiya.

Choncho lamulo limene ndimaumirira ndi lakuti kumene munthu amapita ndiye kuli patsogolo. Tsamba limene inu mwasankha ligwire ntchito pokhapokha ngati munthuyo wabwera yekha pa fomu yolowera, wopanda kwina kumene amapita.

Kukumbukira kumene munthu amapita

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kunyamula adilesiyo pa linki yomweyo. Munthu amene sanalowe akapempha /mauthenga/482, seva imamutumiza ku /login?next=/mauthenga/482. Django imagwiritsa ntchito dzina lakuti next, WordPress imati redirect_to, ASP.NET imati ReturnUrl, koma kachitidwe n'kamodzi. Fomu yolowera imatenga adilesiyo n'kuiika m'kabokosi kobisika, kuti munthu akadina batani ipite limodzi ndi dzina ndi mawu achinsinsi.

Apa zinthu zimaduka m'malo angapo, ndipo malo ake ndi omwewo pafupifupi paliponse. Wina akakongoletsa fomu yolowera n'kuilemba mwatsopano, amaiwala kabokosi kobisika kaja. Ena amakaika, koma munthu akalakwitsa mawu achinsinsi koyamba, fomu imabweranso kabokosiko kali kopanda kanthu, ndiye amene walakwitsa kamodzi wataya njira. Chimodzimodzi ndi sitepe yachiwiri yofunsa nambala ya pa foni, ndiponso malinki a "ndaiwala mawu achinsinsi" ndi "tsegulani akaunti". Tsamba lililonse limene lili pakati pa munthu ndi kumene akupita liyenera kulandira adilesiyo n'kuipatsira lotsatira.

Kenako pali nkhani ya zizindikiro. Tiyerekeze munthu amapita ku /fufuzani?mawu=nyumba&tsamba=3. Mukamata adilesi imeneyi kumapeto kwa next= mmene ililimo, seva idzawerenga chizindikiro cha & ngati malire, ndipo munthuyo adzafika pa tsamba loyamba la zotsatira m'malo mwa lachitatu. Adilesi iyenera kusinthidwa kaye kuti ? akhale %3F, = akhale %3D, ndipo & akhale %26. Ntchito imeneyi amagwira ndi rawurlencode mu PHP ndi encodeURIComponent mu JavaScript, musaiyese pamanja. Gawo la adilesi lobwera pambuyo pa #, monga #ndime-7, browser silitumiza ku seva n'komwe. Limakhalabe pa adilesi ya tsamba lolowera chifukwa browser imalinyamula yokha, ndiye ngati n'lofunika kwa inu, JavaScript pang'ono iwerenge location.hash n'kuliwonjezera m'kabokosi kobisika.

Njira yachiwiri ndi kusunga adilesiyo kuseva, mu session, imene ndi zimene seva imakumbukira za mlendo aliyense. Laravel imasunga pansi pa dzina lakuti url.intended, ndipo redirect()->intended('/dashboard') imatanthauza kuti pitani kumene munthu amafuna, ngati kulibe pitani ku /dashboard. Spring Security nayo imasunga pempho loyamba lija, ndipo Devise ya pa Rails ili ndi stored_location_for. Ubwino wake ndi wakuti linki imakhala yaifupi ndipo munthu wakunja sangailembe mmene akufunira. Kuipa kwake ndi kwakuti session ndi imodzi pamene ma tab ndi ambiri. Munthu akatsegula malinki atatu m'ma tab atatu, adilesi yomaliza imafafaniza zinzake, ndipo akalowa kudzera pa tab yoyamba amafika kumene yachitatu imapita.

Vuto lina la njira imeneyi limazunguza anthu mutu. Tsamba lili ndi JavaScript imene imafunsa seva masekondi 30 aliwonse ngati kwabwera zidziwitso zatsopano. Session ikatha, pempho lamseri limenelo nalo limakanidwa, ndipo seva imalilemba ngati kumene munthu amapita. Munthu akalowa amaona tsamba loyera lokhala ndi mizere ya JSON. Mankhwala ake ndi kusunga mapempho a GET okha (ongotenga tsamba), amene akufuna tsamba la HTML, ndipo mapempho amseri aziyankhidwa ndi 401 basi, nambala yakuti munthu sanalowe.

Mapempho a POST, otumiza zimene zalembedwa pa fomu, nawo sangabwerezedwe. Munthu walemba nkhani yaitali, session yatha ali mkati molemba, wadina "tumizani", wapezeka pa fomu yolowera. Mukasunga adilesi imene fomuyo imatumizako, munthu akalowa browser idzaipempha ndi GET, ndipo adzaona 405 kapena tsamba losweka. Sungani adilesi ya tsamba limene panali fomuyo. Koma chimene chimamuwawa munthu ndi zimene analemba, choncho zisungeni mu localStorage, kosungira ka mu browser, akamalemba, kuti akabwerera azipeze.

Adilesi imene yabwera pa linki musaikhulupirire

Gawo ili ndi limene sindifuna kuti mulidumphe. Chilichonse cholembedwa pambuyo pa next= angathe kuchilemba wina aliyense. Tinene kuti webusaiti yanu ndi example.org. Wakuba amatumizira anthu linki yakuti https://example.org/login?next=https://example.net/login. Wolandira amayang'ana chiyambi cha linki, amaona dzina lanu lenileni, loko wa HTTPS alipo, fomu ndi yanu. Amalowa, ndipo seva yanu yomwe imamupereka ku tsamba la wakuba lofanana ndendende ndi lanu, lolembedwa kuti mawu achinsinsi alakwika, yesaninso. Munthu aliyense analakwitsapo mawu achinsinsi, ndiye sakayika, amalembanso. Akatswiri a chitetezo amalitcha vutoli open redirect. Pa CWE, mndandanda wa zofooka za mapulogalamu, lili pa nambala 601, ndipo bungwe la za chitetezo la OWASP linaliika pa mavuto khumi akuluakulu a mawebusaiti mu 2013.

Anthu ambiri amalemba okha kachipimo kakuti adilesi iyambe ndi /, poganiza kuti ikatero ndi ya pakhomo. Koma //example.net imayambanso ndi /, ndipo browser imaiwerenga ngati webusaiti ina. Mukatseka imeneyo, /\example.net imadutsa, chifukwa ma browser amatembenuza \ kukhala /. Ena amayang'ana ngati dzina la webusaiti yawo likupezeka mu adilesi, koma example.org.example.net ili nalo, ndipo mwini wake ndi example.net. Nayonso https://example.org@example.net imapita ku example.net, popeza zonse za kumanzere kwa @ zimatengedwa ngati dzina la munthu. Ngati kutumizako kumachitika ndi JavaScript, pali chiopsezo chinanso cha adilesi yoyamba ndi javascript: imene imayendetsa malangizo a wakuba mkati mwa tsamba lanu, munthu atalowa kale.

Misampha imeneyi ndi yambiri moti kulemba chipimo chanuchanu n'kudziputira mavuto. Gwiritsani ntchito chimene chinabwera ndi pulogalamu yanu, chifukwa chinapunthwa kale ndi anthu ambiri. Django ili ndi url_has_allowed_host_and_scheme, WordPress ili ndi wp_safe_redirect ndi wp_validate_redirect, ASP.NET Core ili ndi Url.IsLocalUrl ndi LocalRedirect. Pimani adilesi pa nthawi yeniyeni yotumiza munthu, chifukwa kabokosi kobisika nako kangasinthidwe. Ikalephera, musaonetse uthenga woopseza, ingomutumizani munthuyo ku tsamba lanu lanthawi zonse.

Palinso maadilesi a pakhomo amene sayenera kuloledwa. Tsamba lotulukira ndi loyamba: next=/logout imachititsa kuti munthu alowe n'kutuluka nthawi yomweyo, ndipo iye amangoganiza kuti akaunti yake yawonongeka. Zimenezi zimachitika zokha mwa amene amadalira Referer, mzere umene browser imatumiza wonena tsamba limene munthu wachokera, chifukwa munthu amene wangotuluka kumene n'kufuna kulowanso amachokera komweko. Referer ndi wosadalirika mulimonse: nthawi zina safika, ndipo munthu akalephera kulowa koyamba amaloza fomu yolowera yomweyo. Musalolenso maadilesi a tsamba lolowera, lolembetsa ndi losinthira mawu achinsinsi.

Tsamba la amene alibe kwina

Tsopano tafika pa zimene ambiri amabwerera: kusankha kofikira. Funso lothandiza ndi lakuti munthu wamtundu uwu akalowa, choyamba kuchita n'chiyani? Woyang'anira amafuna zimene zikudikira kuti azivomereze. Wogula amafuna kuona pamene katundu wake wafika. Wophunzira amafuna phunziro limene analekezera. Tsamba loyamba la webusaiti kawirikawiri linapangidwira alendo amene sanalembetse, ndiye kwa membala ndi malo ongodutsapo.

Pa WordPress zimenezi zimachitika ndi login_redirect, malo amene amakulolani kusintha kofikira:

add_filter( 'login_redirect', function ( $kopita, $wapempha, $munthu ) {
    if ( ! ( $munthu instanceof WP_User ) ) {
        return $kopita;
    }
    if ( $wapempha && $wapempha !== admin_url() ) {
        return $kopita;
    }
    if ( user_can( $munthu, 'edit_posts' ) ) {
        return $kopita;
    }
    return home_url( '/akaunti-yanga/' );
}, 10, 3 );

Mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake. Nambala 3 yakumapeto imauza WordPress kuti ipereke zinthu zonse zitatu, ndipo mukaiiwala tsamba lolowera limafa, inu nomwe n'kutsekeredwa panja mpaka mutakonza fayilo kudzera pa FTP kapena SSH. Chipimo choyamba chilipo chifukwa login_redirect imayenda ngakhale fomu ikungoonetsedwa kapena mawu achinsinsi akalakwika, ndipo pa nthawi imeneyo $munthu ndi WP_Error, uthenga wa cholakwika osati munthu. Chachiwiri ndi chimene chimateteza ulendo wa munthu. Sikokwanira kungoona ngati $wapempha ali ndi kanthu, chifukwa fomu ya WordPress imadzaza yokha kabokosi kobisika ndi adilesi ya wp-admin pamene munthu sanapemphe kalikonse. Chachitatu chimayang'ana zimene munthu amaloledwa kuchita m'malo mwa dzina la udindo wake, ndipo n'chokhalitsa chifukwa maudindo amawonjezeredwa ndi ma plugin. Mizere imeneyi iikeni mu plugin yanu yaing'ono kapena mu child theme. Mukaiika mu functions.php ya theme yaikulu, idzafafanizika theme ikalandira update. Dziwaninso kuti fomu ya WooCommerce, plugin ya sitolo, sidutsa pamenepa, ili ndi woocommerce_login_redirect yakeyake.

Pa Django, LOGIN_REDIRECT_URL imalandira adilesi imodzi yokha. Njira yosavuta yosiyanitsa anthu ndi kuiloza ku katsamba kosaoneka, tinene /kofikira/, kamene ntchito yake ndi kuona kuti walowayo ndi ndani n'kumupititsa koyenera. Django imayamba yaona next isanapite kumeneko, ndiye dongosolo lija limasungika lokha. Amene amalembanso get_success_url yonse nthawi zambiri amapha next osadziwa. Pa Spring Security msampha ndi mawu amodzi: defaultSuccessUrl("/dashboard", true). true ameneyo amatanthauza "nthawi zonse", ndipo pempho losungidwa lija limatayidwa. Pa Devise, after_sign_in_path_for iyambe ndi stored_location_for(resource), tsamba lanu libwere pambuyo pa ||.

Mukafuna kulola anthu kusankha okha kofikira, apatseni zosankha zochepa ndipo mu database sungani dzina lalifupi monga "mauthenga", osati adilesi yathunthu. Mukadzasintha maadilesi mudzakonza malo amodzi, ndiponso palibe amene angabisemo linki yakunja.

Pali nthawi zochepa zimene chisankho chanu chiyenera kupambana ulendo wa munthu: mawu achinsinsi akanthawi amene ayenera kusinthidwa, malamulo atsopano ofunika kuvomereza, imelo imene sinatsimikizidwe. Pamenepo muimitseni, koma adilesi ija pitirizani kuinyamula kuti akamaliza apitirire. Zotsatsa malonda ndi zilengezo sizili m'gulu limeneli, ziikeni ngati kachidziwitso pamwamba pa tsamba limene munthu amafuna. Tsamba lolandira membala watsopano lionekere kamodzi, ndipo chizindikiro chakuti waliona chikhale mu database, chifukwa cookie, kachizindikiro kamene browser imasunga, imatha munthu akasintha foni.

Kutumiza mamembala ku tsamba lina sikutseka chitseko chilichonse. Amene mwamufikitsa ku /akaunti-yanga/ angathe kulemba yekha adilesi ya oyang'anira. Tsamba lililonse lizipima lokha chilolezo.

Nambala imene seva imayankha

Kutumiza munthu kumachitika ndi nambala ya HTTP pamodzi ndi mzere wa Location. Pambuyo pa fomu yolowera, yoyenera kwenikweni ndi 303, imene imauza browser kuti ikatenge tsamba latsopano ndi GET. Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito 302 ndipo ma browser amaichita chimodzimodzi, palibe chodetsa nkhawa. 301 ndi yakuti tsamba lasamuka mpaka kalekale, ndipo browser imaloledwa kuisunga, ndiye ilibe malo pa chinthu chimene chimasintha malinga ndi munthu. Ikaikidwa pa katsamba ngati /kofikira/ kaja, wolowa wachiwiri pa kompyuta yomweyo amapita kumene anapita woyamba. 307 ndi 308 ndi zoopsa pamenepa chifukwa zimabwereza POST yonse, kutanthauza kuti dzina ndi mawu achinsinsi zimatumizidwanso ku tsamba lotsatira.

Olemba PHP pamanja akumbukire kuika exit pambuyo pa header('Location: ...'), apo ayi mizere yotsatira imapitiriza kuyenda. Uthenga wakuti "headers already sent" umatanthauza kuti china chake chinatuluka kale, kawirikawiri mpata kapena mzere wopanda kanthu patsogolo pa <?php. Munthu akangolowa, nambala ya session iyenera kusinthidwa ndi session_regenerate_id(true) kuti wina amene anaidziwa kale asalowe nayo. Ngati pulogalamu yanu imafafaniza session yonse pa nthawi imeneyi, werengani adilesi yosungidwa isanafafanizidwe.

Munthu akamangozungulira

Nthawi zina fomu yolowera imatumiza munthu ku tsamba lake, tsambalo n'kumubweza ku fomu, fomu n'kumutumizanso, mpaka Chrome itatopa pambuyo pa maulendo 20 n'kulemba ERR_TOO_MANY_REDIRECTS. Gwero lake ndi lakuti mbali ziwiri za webusaiti sizikugwirizana ngati munthuyo walowa kapena ayi. Yambani ndi cookie. Ngati munthu walowera pa www.example.org koma mwamutumiza ku example.org, cookie yopanda Domain sipita nawo. Ngati cookie ili ndi Secure koma kopitako kwalembedwa ndi http://, browser siitumiza. Zimenezi zimachitika kwambiri seva ikakhala kuseri kwa proxy, seva yapakati imene imalandira HTTPS n'kulankhula ndi pulogalamu pa HTTP, pulogalamuyo isanauzidwe kuti izikhulupirira X-Forwarded-Proto.

Cookie ikakhala bwino, yang'anani cache, kumene masamba amasungidwa kuti azitseguka msanga. Tsamba lofikira likasungidwa mmene limaonekera kwa mlendo, wolowa amaona batani la "lowani" ngati sanalowe. Masamba a mamembala achotsedwe mu cache ndipo atumizidwe ndi Cache-Control: no-store. Chifukwa china ndi kusasiyanitsa munthu amene sanalowe ndi amene walowa koma alibe chilolezo. Wachiwiriyu ayenera kuona 403 ndi mawu omveka. Mukamubweza ku fomu, fomuyo imaona kuti walowa kale n'kumukankhiranso komwe wakanidwa.

SameSite, imene imauza browser ngati itumize cookie munthu akachokera pa webusaiti ina, nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira pa Chrome 80 mu 2020, cookie yosatchula SameSite imatengedwa ngati Lax, ndipo imeneyi imayenda bwino munthu akadina linki yochokera kwina. Mukaika Strict, cookie siperekezana ndi munthu amene wachokera pa webusaiti ina, ndiye wodina linki mu imelo ya pa browser amafunsidwa kulowa chonsecho analowa kale.

Kulowa kudzera pa Google kapena Facebook kumawonjezera ulendo wopita kunja n'kubwerera. Adilesi yobwererako, redirect_uri, iyenera kufanana ndi imene munalembetsa kwa iwo, choncho simungamatepo kumene munthu amapita. Sungani adilesiyo kuseva, muimangirire ku nambala ya state imene OAuth 2.0, dongosolo la kulowa kotereku, imatumiza n'kubweza, ndipo munthu akabwerera muitenge ndi state yomweyo. Potero vuto la ma tab ambiri lija nalo limatha, chifukwa ulendo uliwonse uli ndi state yake.

Poyesa, musagwiritse ntchito akaunti yanu ya woyang'anira, imene imaloledwa paliponse ndipo imabisa theka la mavuto. Tsegulani windo la private, dinani F12, pitani pa Network, ndipo chongani Preserve log kuti mndandanda usafafanizike tsamba likasintha. Mudzaona sitepe iliyonse, nambala yake ndi Location yake. Lowani ngati membala wamba kuchokera pa linki yakuya yokhala ndi & mkati, lakwitsani dala mawu achinsinsi kamodzi, kenako lembani olondola muone ngati mwafika. Bwerezani ndi munthu wa udindo uliwonse, ndi akaunti yatsopano, ndi linki ya tsamba limene membalayo saloledwa. Pomaliza lembani nokha next=//example.net ndi next=/\example.net pa adilesi ya fomu. Browser ikachoka pa webusaiti yanu, siyani zina zonse mukonze zimenezo kaye.